Mpanda wa Luso la Palupi

Tsiku limene Palupi anaona pulogalamu yake ya pakompyuta pa sikirini yaikulu kuchionetsero cha ku Jakarta, m'dziko la Indonesia, anaizindikira pomwepo. Inali yomweyo ndithu, yomvetsera nsomba zikamadya m'dziwe n'kuzimitsa makina odyetsera zikakhuta. Koma pamwamba pake panali dzina la kampani ina, imene iye anaionetsa zonse ndi mtima woyera poyembekezera kuti agwirira limodzi ntchito.

Anathamangira kwa loya. Loyayo anangopukusa mutu.

"Chemwali Palupi, zimene munalemba pakompyuta sanatenge, alemba zawozawo. Atenga njira yake, ndipo njirayo simunaitchinjirize. Mbuzi ikadya m'dimba lopanda mpanda, mlandu palibe."

Anzake amene anayamba nawo kampani anabalalika. Palupi anabwerera kwawo ku Sidoarjo, n'kumathandiza mayi ake kugulitsa nsomba zowamba pasiteshoni ya basi.

"Abwana a makompyuta, tationjezerani tsabola apa!" madalaivala ankatero pomugemula.

Iye ankaseka nawo, mumtima mukuwawa.

Chinamudzutsa ndi tsoka la amalume ake, a Sutikno, amene anali ndi dziwe la nsomba. M'mawa wina, mvula itagwa yamphamvu, anapeza dziwe lonse lili mbuu, nsomba zitayandama chagada. Amalumewo anakhala pansi m'matope.

"Madzi amasintha mtundu nsomba zisanafe," anatero, "koma maso angawa atha, mwanawe. Sindinaone."

Palupi anatenga foni yake n'kuyamba kuyenda dziwe ndi dziwe, kujambula madzi pamvula ndi padzuwa. Ankafuna kuti foni iziona zimene maso a nkhalamba akulephera. Poyamba pulogalamu yatsopano imene anapanga inkanama. Inkakuwa pamene madzi ali bwinobwino, alimi n'kumutukwana. Anakonza, inanamanso, anakonzanso. Kenako tsiku lina inachenjeza mlimi wina nthawi ikadalipo, ndipo nsomba zake zinapulumuka.

Ulendo uno sanathamangire kukaonetsa makampani. Anapita kwa Bu Ningrum (Bu kumeneko ndiye kuti Mayi), mayi wa ku Surabaya wodziwa kulembetsa patenti, chiphaso cha boma chotsimikizira kuti njira yatsopano ndi ya amene waitulukira.

"Mmene imagwirira ntchito usauze munthu mpaka tilembetse," anatero Bu Ningrum. "Ngakhale chibwenzi chako."

"Chibwenzi n'chitenge kuti, Bu? Ndi fungo la nsombali amuna amandimva ndili kutali."

Chiphaso chinachedwa, koma chinatuluka. Anthu ofuna kuika chuma chawo mu kampani yake yatsopano atabwera, funso lawo loyamba linali lakuti, "Nanga wina akakopera mawa?" Tsopano Palupi anali ndi yankho.

Zinthu zitangoyamba kuyenda, kampani ina yaikulu yakunja inatumiza maloya. Inati njirayo ndi yake, Palupi asiye, apo ayi akaonana kukhoti. Oika chuma aja anayamba kubwerera m'mbuyo. Palupi chakudya chinamukanika. Ankayang'ana antchito ake n'kumadzifunsa kuti awauza chiyani.

Anapitanso kwa Bu Ningrum. Anawapeza akumwa tiyi, ali phee.

"Khala pansi, mwanangu. Ndafufuza. Iwo analembetsa iwe utalembetsa kale. Achedwa. Ngati njirayi akuifuna, abwere adzapemphe chilolezo kwa iwe, alipire."

Palupi anaphonya mpando n'kukhala pansi penipeni. Anapuma mpweya wautali ngati munthu wotula mtolo umene wausenza zaka. Anayamba kuseka, misozi ili chuchuchu.

"Bu, ndamva njala," anatero.

Ndipo kampani yaikuluyo inabweradi, mwaulemu.

Lero achinyamata akamufunsa chifukwa chake makampani amalimbirana mapatenti, Palupi sachulukitsa mawu. "Pulogalamu si nyumba yoti wakuba alephere kuinyamula. Amaiona lero, mawa wapanga yake. Chiphasochi chimakupatsa mpata wopuma, kuti thukuta lako likudyetse iwe kaye."

Inu amene mukuwerenga, mwina nanunso munakhetsa thukuta ena n'kukolola. Zimapweteka, palibe angakane. Koma wakuba amatenga chimene mwapanga, mutu umene unachipanga amausiya pakhosi panu. Dzukani, pangani china, ndipo ulendo uno muchitchinjirize. Mtima musautaye, ukadali ndi ntchito.