Ndinasiya mankhwala a BP polondera sikelo

Inu owerenga, pa nkhani yonenerera mitengo ndapusitsapo anthu ambiri, koma amene ndinamupusitsa kwambiri ndi ine mwini. Lero mtima wanga ndi wotupa, ndipo chinayambitsa ndi nsanje.

Ndinkagula mtedza ndi soya pa Nsaru. Pafupi ndi sikelo yanga panali ya a Mbewe, munthu wofatsa, wosadziwa n'komwe kunenerera. Koma alimi amawakonda, ndipo zimenezo zinkandiwawa. Mlimi akatsitsa thumba kwa iwo, ine ndinkamva ngati andibera.

Tsiku lina mutu utandivuta ndinapita kuchipatala, ndipo anandipeza ndi BP yokwera. Anandipatsa timapiritsi tomwa m'mawa uliwonse, n'kundiuza kuti ndichepetse mchere. Vuto linali lakuti timapiritsito tinkandikodzetsa. Ndikangopachika sikelo, basi mkodzo wandigwira. Chimbudzi cha pamsika chili patali, ndipo pobwerako ndinkapeza njinga imene ndinaiona ikubwera ndi matumba awiri itaima kale kwa a Mbewe. Iwo n'kumamwetulira, amvekere, "Achimwene, umenewu ndi ulendo wachingati?"

Ndiye ndinachita zomwe ndimadziwa, ndinanenerera. Ndinati tsiku la msika sindizimwa, masiku enawa ndizimwa. Kenako ndinati nyengo yonse yokolola ndipume kaye, ndidzayambiranso mvula ikagwa. Mvula inagwa, ine osayambiranso. Mutu sunkawawa, choncho ndinkadziona ngati ndawina. Mayi a kunyumba akafunsa, ndinkati ndamwera kumsika. Zaka zinayi sindinasunthe pa sikelo, kanyenya ndi tchipisi zamchere wambiri zikundipeza pomwepo.

Chaka chatha ndinalephera kukweza thumba limodzi pangolo. Kupuma kunali kwa wefuwefu, mapazi otupa, nsapato osalowa. Ananditumiza kuchipatala chachikulu mumzinda komwe anaunika mtima. Adokotala anandifotokozera kuti mitsempha ya magazi imayenera kutamuka ngati chubu chatsopano, koma yanga, chifukwa chopanikizika zaka zonsezi, inauma ngati paipi yokhalitsa padzuwa. Mtima pokankha magazi m'mitsempha youmayo, mnofu wake unakhuthala, ndipo tsopano watopa. Mwachizolowezi changa chonenerera, ndinafunsa ngati sangandichotsereko pang'ono. Sanaseke. Anati angathe kuthandiza kuti zisaipireipire, koma kubwerera mwakale n'kovuta.

Woyamba kudzandizonda anali a Mbewe, atanyamula nthochi. Nditawauza nkhani ya chimbudzi ija, anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kapepala ka mapiritsi. Nawonso ndi a BP, ndipo anayamba ine ndisanayambe. Anati poyamba ankavutika chimodzimodzi, koma anakanena kuchipatala, ndipo adokotala anawasinthira mtundu wina.

"Bwanji simunandifunse, achimwene?"

Ndikanamufunsa bwanji munthu amene ndinkangomuyang'ana cham'mbali?

Ndisakunamizeni, nsanje sinandithere. Kungoti pano sindisiriranso alimi awo. Ndimasirira ndikawaona atasenza thumba paphewa, akuyenda uku akuimba nyimbo ya kukwaya, mpweya osawathera.

Inu owerenga, BP imawononga mwakachetechete, mutu kusawawa sikuti mwachira. Mankhwala akakuvutani, bwererani kuchipatala mukanene, musadzichotsere nokha ngati mukugula mtedza. Ine ndinakana kuchoka pa sikelo kwa mphindi zisanu. Lero ndimakhala pakhonde tsiku lonse, ndipo alimi onse amene ndinkawalondera aja akutsitsa kwa a Mbewe.