Usipa Wosowa M'chipinda Chokhoma

Ndikukumbukira buku lopanda chikuto limene ndinalitola pansi pa katoni kusukulu kwathu, kufupi ndi Nkopola, ndili Sitandade 7. Linkanunkha mphemvu. Nkhani yake inali ya munthu wolemera amene anapezeka atafa m'chipinda chokhomedwa mkati, zenera lili chitsekere, kiyi ali m'thumba mwake. Chingerezi chake chinali chouma ngati chinangwa cha chaka chatha, koma ndinalimbana nacho mpaka ndinalimaliza katatu. Chimene chinandigwira mtima ndi wofufuza wa m'bukumo. Anthu onse ankangoyang'ana chitseko, iye n'kumafunsa za nthawi: munamuona liti komaliza, nanga chitseko chinatsekedwa liti?

Chaka chomwecho chipinda chotere chinapezeka pakhomo pathu. Amayi ankagula usipa kwa asodzi, kuuyanika, n'kumagulitsa Loweruka kwa anthu ochokera ku Limbe. Ankausunga m'kachipinda ka njerwa kuseri kwa nyumba, kopanda zenera, kokhala ndi loko wamkulu ngati chibakera. Kiyi ankamumangirira m'chiuno, mkati mwa chitenje. Koma Loweruka lililonse dengu limodzi linkapezeka litatsika. Amayi anga diso lawo linali sikelo, sukanawanamiza.

Mlandu unagwera alamu anga a Daudi, amene anali atangokwatira achemwali anga Asiyatu n'kudzakhala kwathu pachikamwini. Kwawo kunali ku Namwera, ndipo makolo awo anachokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo. Anali munthu wa khasu, bwato ankaliopa, kufatsa kwake kochita kukwiyitsa. Tsoka lake, ndi iwo amene anagulira amayi loko uja, ndiye amayi anatsimikiza kuti kiyi wachiwiri anamubisa. Sankawatchula dzina ayi, ankangolankhulira m'mwamba akamasesa, zoti anthu a kumtunda akaona nsomba mutu umawazungulira. Kenaka anatumiza mawu kwa amalume kuti abwere Lamulungu la sabata yotsatira. Ndinali mwana, koma ndinkadziwa kuti mkamwini wakuba amamangitsidwa katundu. Achemwali anali ndi pakati, ndipo ankangolira kubafa.

Ine mtima unandiwawa, ndipo ndinalumbira kuti nkhani imeneyi ndiimasula ndekha. Ndinawaza phulusa pakhomo la kachipindako, m'mawa n'kupeza mapazi a nkhuku basi. Ndinamanga ulusi wakuda pachitseko, amene anaudula ndi amayi omwe. Masana ena ndinakwera padenga kukaona ngati lata lina linali lozuka. Mayo ine, malata a ku Mangochi mwezi wa Okutobala! Mawondo anasupuka, misomali yonse ndinaipeza ili m'malo mwake, ndipo nditatsika ndinalandira mbama yoti mtsikana sakwera padenga.

Ndikupaka mafuta mawondowo, ndinadzitukwana ndekha. Iwe Patuma, waliwerenga katatu buku lija, ukuyang'anabe chitseko? Usipa uja sunkakhalitsa m'kachipindamo. M'mawa uliwonse amayi ankautulutsa okha kukauyanika pathandala, madzulo n'kuubwezera m'madengu mothamanga, osayang'anitsitsa. Kuyeza kwenikweni kunali kwa Loweruka. Ndiye wakuba ankautapa uli pathandala, ndipo tsiku loti ndiliyang'anire linali Lachisanu, pomwe pabwalo pankakhala popanda munthu masana.

Lachisanu limenelo ndinadwala m'mimba mwabodza, ndinabuula mpaka amayi anandiphikira phala. Dzuwa litafika pamutu, amayi anatsikira kunyanja kukachingamira mabwato, a Daudi analawirira kukasesa kumzikiti monga mwa chizolowezi chawo, achemwali anagona. Ine diso pa kabowo ka mpanda. Posakhalitsa anatulukira ababa anga, atavala mkanjo woyera, akununkhira mafuta a Lachisanu. Anayang'ana uku ndi uku, anatapa usipa pathandala manja anayi n'kuthira m'jumbo, jumboyo n'kuilowetsa mumkanjo.

Ndinawatsata chapatali, mchenga ukundiwotcha mapazi. Sanalunjike kumzikiti. Anakhotera kwa Abiti Juma, mayi wamasiye wosaona amene ankalera zidzukulu zitatu, anakoleka jumbo ija pa msomali wa chitseko, n'kuchoka osanena ngakhale odi. Potembenuka anakumana ndi ine pansi pa mlambe.

Anandiuza motsitsa mawu kuti imeneyo ndi sadaka, chopereka kwa osauka, ndipo sadaka yeniyeni dzanja lamanja likapereka, lamanzere lisadziwe. Ukaiulula, mphotho yake yatha.

"Nanga alamu?" ndinafunsa.

"Zizizira zokha, mwanangu. Amayi ako ukuwadziwa."

"Sizizizira, ababa. Alamu achapa kale chikwama chawo. Mukapanda kunena inu Lamulungu, ndinena ine."

Sindinali nditawayankhapo chotero chibadwire. Ndinadikira khofi, koma sanandimenye. Anangotembenuka n'kupita kumzikiti kukaswali. Lero ndimaseka ndikaganiza kuti mwina theka la chinsinsi chija linali la Mulungu, theka linalo kuopa amayi.

Lamulungu amalume anafika panjinga, mkeka unayalidwa pakhonde. A Daudi anakhala poteropo atazolika, zipewa zawo ziwiri ndi khasu zili kale pafupi ndi chikwama. Ine ndinaima pa mzati pomwe ababa akanandiona bwino, ndipo sindinaphethire. Amalume atangoyamba malonje, ababa anatsokomola n'kunena kuti wakuba ndi iwo. Anafotokoza zonse, maso ali pamkeka.

Kenaka amayi anawomba m'manja kamodzi. "Zaka zonsezi mukugona nane nyumba imodzi, mumandiona ngati munthu woti ndingamane Abiti Juma usipa?" Atatero anadzuka, ndipo amayi anga aja, amene sankapepesa ngakhale akakuponda, anakagwada patsogolo pa mkamwini wawo. A Daudi anasowa pogwira, anangoti palibe kanthu amayi, misozi ili mbwe.

Masiku ano mabuku a zipinda zokhoma ndimawerengera pafoni, ndipo ndikadali nawo chilakolako, ngakhale ana anga amati kamera imodzi ikanathetsa nkhani zonsezo pa tsamba lachiwiri. Usipa nawo unachepa, thandala la amayi linaphwasuka kalekale, ndipo chikamwini ambiri sachifunanso. Ababa anadwala zaka ziwiri asanatisiye, ana awo enieni tonse tili kutali ndi ntchito. Amene ankawanyamula kupita nawo padzuwa, amene anasambitsa thupi lawo, n'kutsikira m'manda kukawagoneka moyang'ana kuchibula, komwe timayang'ana poswali, anali a Daudi.