Kalanka Wokhuthala

Linali Lachiwiri la mwezi wa Juni, madzulo kukuzizira. Ndinakhala pakhomo pa kachipinda kathu ku Alexandra ndikupolisha nsapato za kusukulu, pomwe ndinaona ababa akulowa pageti akukankha njinga. Ababa sakankha njinga. Amaipalasa m'mawa uliwonse kupita ku Sandton komwe amasamalira maluwa a eni nyumba, ndipo amabwera ali pachishalo ngakhale atatopa chotani.

Sabata yapitayo kalanka wamkulu, chitsulo cha mano chakutsogolo chomwe tcheni chimakwerapo, anali atatha. Mano ake anasongoka ngati minga. Ababa anamumasula, namukulunga m'pepala la pulasitiki.

"Ukaweruka udzere kushopu ya njinga ija," anatero. "Ukawaonetse wakaleyu, ayerekeze ndi watsopanoyo. Usangowauza pakamwa, wamva?"

Ndinati ndamva. Koma nditalowa m'shopu muja ndinapezamo atsikana awiri a m'kalasi mwanga, aperekeza mchimwene wawo. Kusukulu ine sindinenako kuti ababa amayenda pa njinga. Chikwama chinandilemera kumsana. Ndinaganiza za girizi wakuda uja, za pepala long'ambika lija, manja anga nkukana kutsegula zipi. Ndinangotchula chiwerengero cha mano ndi mabowo a mabawuti, motsitsa mawu, ngati ndikufunsira munthu wina.

Mwini shopu anandipatsira kalanka wonyezimira. Nditamugwira ndinamva kuti ndi wokhuthala kuposa wathu. Zala zanga zinadziwa. Kumbuyo kwanga munthu anandifulumizitsa nati, "Shesha, sisi!" ndiye ndinangonena kuti shapu, ali bwino, nkulipira, nkutuluka.

Mabowo anagwirizana bwinobwino, ababa namanga. Anandiyamika mpaka amayi anaseka kuti, "Mwabala makaniko, bambo a mwana."

Tsono Lachiwiri lija anaimika njinga chagada, nagwada pansi. Manja onse anali bii. Anazunguza pedulo pang'onopang'ono ine ndikuona. Tcheni sichimakhazikika pa mano, chimangoyandama pamwamba, kwina nkukanirira. Atasintha giya kuti chitsikire pa kalanka wamng'ono, chinakana kuchoka, kenaka chinalumpha nkugwera pakati, gwa!

"Pachitunda paja chachita zomwezi," anatero. "Dzulonso chimodzimodzi. Kuntchito ndafika dzuwa litakwera. Adona aja anena kuti ndikachedwanso apeza wina."

Amayi anasiya kuchapa.

Ababa anatenga sipanala nayamba kumasula ndi kumanganso. Anasuntha kachitsulo kokankha tcheni, anakoka waya wa magiya, anathira oyilo. Sizinathandize. Kenaka anandiitana.

"Tabwera, iwe wa maso abwino. Tcheni cha magiya ambiri ngati ichi n'chopanikiza mkati, chimafuna mano opyapyala. Awa akuoneka ngati a njinga zakumudzi zopanda magiya zija. Kapena ndi maso angawa?"

Ndinayang'ana pansi. Ndinadikira kuti afunse ngati ndinaonetsa wakale uja, koma sanafunse. M'malo mwake anapukuta manja pa ovolosi nati, "Komatu anayerekeza okha kushopuko. Ndiye kuti ndine ndalakwitsa pomanga. Ukalamba uwu."

Mawu amenewo anandiwawa kuposa mbama. Ababa amene amamanga sipoko za wilo osayang'ana n'komwe, lero akukayikira manja awo chifukwa cha ine. Ndinangowagwirira njinga kuti isagwe, misozi ikudontha pa tayala, iwo nkumaganiza kuti ndi mphepo.

Anati mawa alawirira wapansi kusanache, kuti asapatse adona chifukwa. Amayi anawafunira sikafu ndi masokosi awiri.

Ine ndinalowa m'nyumba, ndinatsegula chikwama. Kalanka wakale anali momwemo, pansi pa mabuku, wadetsa chikuto cha buku la masamu. Ndinamutulutsa, ndinamupukuta ndi kansanza dzino lililonse. Ndinamuika pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Analidi wopyapyala.

Ndinatsimikiza mumtima kuti m'mawa, ababa asanavale nsapato, ndiwauza kuti sindinamutulutse m'chikwama, ndipo ndiwauzanso chifukwa chake. Ndiwapempha amasule watsopanoyo. Ndikaweruka ndipita nawo onse awiri kushopu, wakaleyo ali m'manja poyera, ndikawaika pa kauntala mogundizana, kaya mukhale ndani m'shopumo.