Ndinagwetsa Swichi Achimwene Ali Pakompyuta

Amene anazimitsa magetsi tsiku lija ndine. Achimwene ndi anzawo ankapangira mwini golosale wa ku Chirimba pulogalamu ya pakompyuta, ndipo Lachisanu lililonse ankakamuonetsa pomwe afika. M'mawa ankakumana choimirira pakhonde pathu, kukambirana zimene zingasokoneze ntchito.

"Magetsi akazima, ife batire tili nalo," ankadzitama achimwene.

Lachinayi ndinazembera kuseri n'kugwetsa swichi yaikulu, kungowayesa. Batire lija linali lofwa. Ntchito ya tsikulo inafufutika asanaisunge mukompyuta, moti mawa lake anakaonetsa mano okha.

Chinandigwiritsa n'chakuti wailesi ya aneba inkalirabe, kusonyeza kuti magetsi anazima kwathu kokha.

"Zovuta zonse tinaziganizira, mphwanga, koma iweyo tinakuiwala," anatero achimwene atandigwira khutu.

Chilango changa chinali kusenza batirelo kukatchajitsa sabata iliyonse. Ndinkasenza ndikuimba mluzu, poti tsopano nane ndinali m'timu.