Dzina Limene Silinalembedwe pa Bokosi

Ndinadzuka kusanache, msana ukuwawa chifukwa chogona pansi. Siwa ya achimwene anga inali m'kanyumba kawo ku Tyrrelstown, kuno kudziko la azungu, ndipo tinachezera kuimba monong'ona kuopa kudzutsa aneba. Panja panalibe moto. Amayi a kumpingo ankaphika mpunga m'khitchini, mawindo ali nthunzi yokhayokha.

Dzulo lake ndinali nditapempha alamu anga chinthu chimodzi chokha, kuti pamaliro patchulidwe dzina loti Limbani. Ndilo limene amayi athu anapatsa achimwenewo atataya ana awiri motsatizana. Pa ubatizo kwathu ku Dedza, wansembe wachizungu analikana nati si lachikhristu, n'kulemba Kieran. Alamu anangoti mapepala onse ali ndi Kieran, tisasokoneze anthu.

Mvula inayamba tikunyamuka. Anthu anabwera ambiri, ena atavala yunifomu ya kuntchito, maso ali pa wotchi.

M'tchalitchi wansembe wa kuno analongosola dzina loti Kieran lija mosangalala. Anati ndi la makolo akale a dziko lino, eni ake amalilemba Ciarán, ndipo limachokera ku mawu otanthauza chinthu chakuda. Khanda likabadwa ndi tsitsi lakuda bii ankalitcha choncho, kenako oyera mtima ena anadzalitchukitsa. Anthu anagwedeza mitu. Ine mtima unandiwawa. Kani nalonso ndi dzina la kumudzi, lotchedwa ndi mayi wina poyang'ana mwana wake, monga anachitira amayi athu. Nanga lathu linalakwanji?

Kumanda ndinagwira foni m'mwamba kuti amayi aone ali ku Dedza. Bokosi litayamba kutsika, anayamba kuitana: "Limbani, mwana wanga, Limbani iwe." Mawuwo ankamveka pang'ono, mvula ikuwaphimba. Mwana wamkazi wa malemuyo, mtsikana wamkulu ndithu wapakoleji, anandigwira mkono.

"Auntie, who is Limbani?"

Ndinatsitsa foni. Anthu anali atayamba kale kuthamangira kumagalimoto.

Madzulo m'nyumba munali zii. Alamu anakagona osadya, mipando yobwereka itasanjikizidwa pakhomo. Ndinakhala ndekha m'khitchini, n'kumafuna womukwiyira. Ndinayesa wansembe wa ku Dedza uja, koma anafa kalekale. Ndinayesanso alamu. Kenako ndinakumbukira kuti mtsikanayo ndinamubereka kumsana ndine, ndinamuphunzitsa kupereka moni ndine, ndipo zaka zonsezi sindinamuuzepo dzina la bambo ake.