Magazi a pa Mbendera

Mbendera ya pa ofesi ina ku Sinda yasuluka. Ndinaiona dzulo ndili pamzere, miyendo itatopa. Nkhwazi yojambulidwapo ikuonekabe, koma chofiira chija chatuwa.

Ndili mwana, ya kusukulu kwathu ku Vubwi inasulukanso chomwecho. Aphunzitsi anali atatiuza kuti chobiriwira ndi zomera za dziko, chofiira ndi magazi a anthu amene anamenyera ufulu. Ndiye tsiku lina ahedi analengeza kuti, "Mbendera yathu yatha mtundu. Makolo onse abwere Lachisanu."

Ine ndinaganiza kuti akufuna magazi atsopano. Amayi anali atangobereka kumene, zikhato zawo zili mbuu.

Ndinawapeza akupalira thonje, khanda lili kumsana.

"Amama, musapite. Akakuchotsani magazi a mbendera."

Anawongola msana pang'onopang'ono. "Magazi ake ati, mwana iwe? Tandilandira mwanayu."

Lachisanu anapita ndithu. Ndinadikira panja pa kalasi kuti ndione mikono yawo. Anatuluka opanda bala, koma atagawiridwa mizere yokalima m'munda wa sukulu, kuti zokolola zidzagule mbendera ina.

Lero ndimaona kuti sindinaphonye kwenikweni. Magaziwo anawachotsa ndithu, kungoti ndi khasu.