Erna Anapita Chimanjamanja

Abusa Thiele andipempha kuti ndilembe mbiri ya Mayi Erna Pfitzner m'kalata ya mpingo ya mwezi uno, poti ndine ndekha wotsala amene ndinawadziwa kuyambira ali khanda. Ine ndine Melva Grocke, mkulu wawo. Mundikhululukire ndikamangomutchula dzina, chifukwa munthu amene unamuberekapo kumsana n'kovuta kumuitana kuti mayi.

Tinabadwira pamunda wa mphesa wa bambo athu, kufupi ndi msewu wopita ku Eudunda. Kwathu kunali kwa anthu opemphera. Bambo sankalola kuti munthu akhudze buledi tisanathokoze Mulungu, ndipo Lamulungu ngakhale nkhosa zinkadziwa kuti zidikire. Ine ndinkagwira zinthu msanga. Erna anali wochedwa pa chilichonse: kuvala, kudya, kuwerenga. Ukamutuma kukatola mazira, unkakamupeza atakhala pansi akuyang'ana nkhuku.

Tinalowa limodzi kalasi yokonzekera Mgonero, chifukwa ine ndinadwala chaka chimene anzanga ankalowa. Tsiku lotiyesa pamaso pa mpingo wonse, ine ndinayankha mafunso onse osaphonya liwu. Atafika pa Erna, abusa a nthawi imeneyo, a Mattiske, munthu woopsa ndi nsidze zomwe, anamufunsa funso lapafupi. Erna anati:

"Ndaiwala, abusa."

"Nanga miyezi yonseyi wakhala ukumva chiyani, mwana iwe?"

"Ndinamva zoti Yesu anandifera. Zinazo zikumandithawa."

Anthu anaseka chamumtima. Abusa anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta nthawi yaitali. Pobwerera kunyumba, bambo sanakambe china koma yankho la Erna. Za ine anangoti, "Nawenso unachita bwino, Melva," uku akuyang'ana msewu.

Titakula, Erna anakwatiwa ndi Ossie Pfitzner, mnyamata wofatsa amene anali ndi kamunda ka mphesa pamalo amiyala, ndipo anabereka mwana mmodzi yekha, Kym. Ine ndinakwatiwa ndi Lindsay Grocke, amene pambuyo pake anakhala mkulu wa mpingo uno. Akuluakulu mukudziwa kuti ndinaliza limba m'tchalitchi muno mpaka zala zitayamba kukana, ndinatsogolera bungwe la amayi, ndipo nsalu za paguwa ndinkachapa ndi kusita ndine. Sindikudzitama. Ndikungofuna kuti mumvetse pamene ndinaima poyang'ana moyo wa mng'ono wanga.

Erna analibe udindo uliwonse mumpingo. Tinamuyesapo kusunga makiyi a holo, anawataya kawiri. Ankafika mapemphero atayamba, chipewa chitapendekeka, ndipo nthawi yokolola mphesa ankawodzera ulaliki uli mkati. Makeke ake ankatsala okha patebulo tsiku logulitsa zinthu za mpingo. Lindsay ankawagula pomumvera chisoni, n'kumuuza kuti, "Alamu, nkhuku zanga zati ndikuthokozeni, koma zikupempha kuti ulendo wina mufewetseko." Erna ankaseka mpaka misozi.

Koma kukagwa matenda kapena maliro, anthu ankafunsa Erna. Ine ndinkapita ndi mphika wa msuzi, nyimbo nditasankhiratu ndi pemphero lokonzeka bwino. Ankandithokoza mwaulemu pakhomo. Erna ankangofika chimanjamanja, n'kukhala kukhitchini kumasenda mbatata kapena kupinda zovala, osalankhula zambiri, ndipo anthu ankamuuza zinthu zimene sanauzepo ngakhale abusa. Tsiku lina ndinamva kwa anthu ena kuti wakhala akusambitsa mayi wina wamasiye amene ana ake anamusiya yekha.

"Bwanji sunanene kumsonkhano wa amayi?" ndinamufunsa. "Zoterezi zimayenera kudziwika."

"Ndikanene chiyani, achemwali? Ndimangokamwako tiyi, kusambitsako n'kongodutsa."

Mayesero anamupeza ali pakati pa moyo wake. Mitengo yogulitsira mphesa itatsika kwambiri, Ossie anazula mipesa imene agogo ake anabzala, naiunjika n'kuitentha. Utsi unakhala m'chigwa masiku ambiri. Kuyambira pamenepo onse awiri ankadulira mipesa m'minda ya eni, m'chisanu cha mwezi wa Julaye, manja atachita ming'alu. Sindinamumvepo akudandaula, kupatula kunena kuti mawondo ake ayamba kung'ung'udza m'Chijeremani ngati mmene ankachitira agogo athu.

Kenaka Kym anamwalira. Anali pa njinga yake yamoto pochokera kuntchito, ndipo anagundidwa ndi galimoto ya Darryl, mnyamata wa mumpingo mwathu momwemuno, amene ankachokera kumpira ataledzera. Darryl wandilola kuti ndimutchule. Musaganize kuti Erna anali mwala. Chaka chathunthu sanaimbe. Ankabwera kutchalitchi, n'kutsegula buku la nyimbo, pakamwa pali chitsekere. Ndikamamuyang'ana ndili pa limba, ndinkaona misozi ikugwera patsamba. Ossie naye sanachedwe, anadwala matenda oumitsa ziwalo, ndipo Erna anamudyetsa ndi supuni mpaka tsiku limene tinamuika pafupi ndi mwana wake.

Darryl atatuluka kundende, anabwera Lamulungu la Mgonero n'kukhala pabenchi yakumbuyo. Anthu anamusiyira benchi yonseyo. Nthawi yopita kutsogolo itakwana, iye sanadzuke. Erna anatuluka pamzere, nabwerera kumbuyo ndi kuyenda kwake kotsimphina kuja, n'kumugwira pamkono.

"Tiye, Darryl. Ndigwirize, mawondowa sagwada okha."

Anagwada limodzi. Ine ndinaphonya nyimbo, chinthu chimene sichinandichitikirepo. Titatuluka ndinamukokera pansi pa bulugamu wa kuseri kwa holo.

"Wapenga kodi? Munthu ameneyu wachita chiyani chosonyeza kuti wasintha? Ayambe wagwira ntchito, anthu amuone. Ukupeputsa magazi a mwana wako."

Anandiyang'ana. "Achemwali, mukuyesa sindipsa mtima? Ndimapsa ndithu. Koma tebulo lija si langa. Ine sindinalipire kanthu kuti ndigwadepo. Ndiye iyeyu ndimulipiritse bwanji?"

Nkhani imeneyi inamveka mpaka ku Adelaide. Abusa achilendo ankailalikira m'matchalitchi mwawo, ndipo akabwera kuno ankafunsa kuti Mayi Pfitzner ndi ati. Ine, amene ndinali nditawaphikira chakudya chimene ankadya akufunsa zimenezo, ankandidziwa kuti ndine mchemwali wake wa mayi uja. Darryl anasiya mowa. Nkhuni zonse zimene Erna anawotha muukalamba wake anawaza ndi iye, ndipo mwana wake wamkazi anamutcha Erna. Ine ndinamuphunzitsa Darryl ku Sande sukulu ali wamng'ono, koma zimenezo palibe amazikumbukira.

Chimene chimandivuta kulemba ndi cha mwamuna wanga. Lindsay atagwidwa ndi khansa, ndinamusamalira ndekha kunyumba. Masabata omaliza anagwidwa ndi mantha. Munthu amene anapempherera odwala ambirimbiri ankandigwira dzanja thukuta lili kamukamu.

"Melva, kodi ndachita zokwanira? Ndikaima pamaso pa Mulungu ndikanena chiyani?"

Ndinkamukumbutsa zonse. Denga la holo anakhoma ndi iye. Sanajombepo kumsonkhano wa akulu a mpingo. Nthawi ya moto wa m'tchire anasunga mabanja awiri m'nyumba mwathu. Ndikamatchula, iye ankangopukusa mutu, chifukwa pa chabwino chilichonse ankakumbukira choipa chimene chinabisala kuseri kwake: apa anafuna kutamandidwa, apa anakalipira munthu. Masana ena anati, "Ndiitanire Erna."

Ndinali mkazi wake. Ndinali nditamusambitsa m'mawa womwewo. Komabe ndinaimba foni.

Erna anafika atavala juzi yogwirira ntchito, nakhala m'mphepete mwa bedi pamene ndinali nditangoyala kumene. Lindsay anamufunsa funso lomwe lija.

"Ayi, alamu," anatero Erna. "Simunakwanitse."

Ndinafuna kumutulutsa m'nyumba.

"Simunakwanitse, ndipo mukanapatsidwa moyo wina simukanakwanitsabe. Inenso chimodzimodzi. N'chifukwa chake anabwera Yesu mwini wake kudzamaliza. Inu mukungofunika kulola kuti akunyamuleni. Denga la holo lija lisiyeni konkuno, ndipo paja limadontha."

Lindsay anaseka. Anali asanasekepo kwa miyezi. Anaseka mpaka kutsokomola, kenaka analira, kenaka anagona tulo tabwino, dzanja lake lili m'dzanja la Erna. Ine ndinaima pakhomo ndi thawulo. Mawu amenewo ndinkawadziwa. Ndinawaloweza ndili mtsikana, ndinawaphunzitsa ana, ndinawaimba pa limba. Koma tsiku limene mwamuna wanga anawafuna, pakamwa panga panatuluka denga la holo. Anamwalira mwamtendere patapita masiku ochepa, ndipo ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha zimenezo. Ndikanakonda mtenderewo akanaulandira kudzera mwa ine.

Zaka zomaliza Erna anakhala kunyumba yosamalira okalamba ku Tanunda, maso atachita khungu. Kumenekonso chipinda chake sichinkasowa anthu. Anamwino ankakapumira kwa iye. Mtsikana wina wogwira ntchito kumeneko, amene sanapondepo m'tchalitchi, anandiuza kuti, "Agogowa akamapemphera zimakhala ngati akulankhula ndi munthu amene wakhala pampando apo." Ndinamufunsapo Erna ngati amapemphera nthawi yoikika tsiku lililonse, monga ndimachitira ine. Anati nthawi zambiri amagona pemphero lili pakati, koma sakhulupirira kuti Atate amakwiya mwana akawagonera pamiyendo.

Tsiku lake lomaliza ndinapita m'mawa. Dzuwa linali litalowa bwino pawindo. Adokotala anali atatiuza kale kuti mtima watopa. Ndinayamba kukonza m'chipindamo: kupinda matawulo, kutaya maluwa ofota, kupukuta patebulo.

"Achemwali," anatero ndi mawu otsika, "ndikukumvani mukuyendayenda. Mukufuna chiyani?"

"Ndikungokonza. Abusa abwera."

"Abusa anaonapo fumbi. Bwerani kuno."

Ndinapita pafupi, nsanza ili m'manja. Ndipo ndinamufunsa chimene ndinkafuna kumufunsa kwa zaka zambiri.

"Erna, sukuopa? Ukupita ulibe chilichonse choti ukaonetse. Ngakhale zabwino zimene unachita sukuzikumbukira."

"Ndikuopa pang'ono," anatero. "Ngati tsiku la ukwati. Koma amene akundidikirayo ndimamudziwa." Anapuma kaye, kenaka anafufuza dzanja langa n'kupeza nsanza ija. Anaikoka pang'onopang'ono mpaka ndinaitaya. "Inu mwatopa, achemwali. Mwakhala mukugwira ganyu pakhomo pa Atate anu omwe. Khalani pansi. Anakukondani kalekale, musanachape nsalu ndi imodzi yomwe."

Ndinakhala pampando. Anapuma mofatsa kwa kanthawi, ndipo abusa asanafike anali atapita, nkhope yake ili ngati ya munthu amene wamva nthabwala yabwino.

Abusa anandipempha kuti ndimalize ndi chitsanzo chimene Erna watisiyira. Ndikanatha kulemba kuti tiziyendera odwala ndi kukhululukira otilakwira, ndipo n'zoona, anachita zimenezo kuposa tonsefe. Koma ndikalemba choncho, anthu a mtundu wanga azitenga ngati ntchito zina zoti awonjezere pa zimene ali nazo kale, ndipo Erna angatiseke. Iye sankachita zabwino kuti Mulungu amulandire. Ankazichita ngati munthu amene walandiridwa kale, manja ake ali omasuka. Chimenecho ndi chimene ndinkasirira mwa iye, kuposa kutchuka kwake, kuposa ngakhale dzanja la Lindsay lija. Ndikuchisirirabe. Ambuye amene anamukhulupirira amusunge mpaka tsiku lodzaonananso.

Pa maliro ake tchalitchi chinadzaza mpaka ena anaima panja. Darryl ananyamula nawo bokosi. Titachoka kumanda tinalowa muholo, ndipo miyendo yanga inalunjika yokha kukhitchini, kumene ndakhala ndikuima pa maliro a aliyense mumpingo muno. Ndinafika pakhomo, ndinaona atsikana akuthira tiyi madzi asanawire bwino, makapu atawaika mbali yolakwika. Ndinabwerera, n'kukakhala pabenchi pakati pa anthu, manja ali pamiyendo. Zinali zovuta kuposa ntchito iliyonse imene ndinagwirapo. Mtsikana wina anandibweretsera kapu. Tiyiyo anali wozizira, shuga atachuluka. Ndinalandira ndi manja awiri, ndipo ndinamwa yense.